Diego Garcia: Cisumbu Comwe Eni Ake Anacotsedwa Kuti Pakhale Asilikali

Pa tsiku la 22 May m'caka ca 2025, maboma a Britain ndi Mauritius anasaina pangano lokhudza zisumbu za Chagos, zomwe zili pakati pa nyanja yamcere ya Indian Ocean. M'panganolo dziko la Britain linavomera kupereka ulamuliro wa zisumbuzi m'manja mwa Mauritius. Komabe linapempha kuti cisumbu cimodzi, ca Diego Garcia, lipitirize kucigwiritsa nchito pamodzi ndi dziko la America kwa zaka 99.

Dzina la Diego Garcia si lacilendo kwa omvera athu. Lakhala likumveka pa nkhani za kunja nthawi iliyonse pomwe nkhondo yabuka ku Middle East, cifukwa ndeke zambiri zoponya mabomba zakhala zikunyamukira kumeneko. Koma ndi ocepa amene adziwa komwe cisumbuci cili, mmene cinapangikira, ndiponso mbiri ya anthu omwe anali kukhalapo asilikali asanafike.

Komwe cisumbuci cili

Diego Garcia ndiye cisumbu cacikulu koposa pa gulu la zisumbu zoposa 50 zochedwa Chagos. Cili cakumwera pang'ono kwa ikweta, mzere uja womwe umagawa dziko lapansi pakati. Kucokera pa gombe la Tanzania kupita kum'mawa pali mtunda wa makilomita pafupifupi 3,500. Kucokera ku nsonga ya kumwera kwa India pali makilomita pafupifupi 1,800, pomwe kucokera ku cisumbu ca Mauritius pali makilomita opitirira 2,000. Anansi apafupi ndi a dziko la Maldives, lomwe lili makilomita mazana angapo kumpoto.

Nthaka ya cisumbuci ndi yocepa kwambiri, pafupifupi masikweya kilomita 30. Munthu akaciona ali m'ndeke, cimaoneka ngati lamba wopyapyala wopindika, wa makilomita pafupifupi 60 m'litali, wozinga dziwe lalikulu la madzi amcere. Ena amati maonekedwe ake ali ngati cidindo ca phazi la munthu pa mcenga. M'malo ena lambayu ndi wopapatiza kotero kuti munthu ataimirira pakati amaona madzi uku ndi uku.

Dziwe la pakatilo ndi lotalika makilomita pafupifupi 21, ndipo m'mimba mwake, pomwe latambalala kwambiri, ndi makilomita 11. Lili ndi khomo mbali ya kumpoto, pomwe pali tizisumbu titatu, ndipo zombo zimalowera pamenepo. Mafunde a panyanja amathera kunja, pa matanthwe ozinga cisumbu, motero m'katimo madzi amakhala bata. Dziwe limeneli ndilo cuma cacikulu ca Diego Garcia m'maso mwa akuluakulu a nkhondo.

Cisumbu comangidwa ndi tizilombo

Zisumbu za mtundu umenewu m'Cingelezi zimachedwa atoll, dzina lomwe linacokera ku cilankhulo ca anthu a ku Maldives. Sizinamangidwe ndi dothi monga nthaka yathu ya kumtunda. Zinamangidwa ndi tizilombo ting'onoting'ono tam'nyanja tochedwa korali, tomwe timakhala m'magulu a zikwi zikwi m'madzi ofunda ndi osazama. Kacilombo kalikonse kamadzimangira cigoba ca mwala wa laimu. Kakafa, tinzake timamanga pamwamba pa cigobaco, ndipo pakapita zaka zikwi zambiri pamakhala thanthwe lalikulu.

Katswiri wa ku Britain, Charles Darwin, anafotokoza mmene zimenezi zimacitikira m'buku lomwe anatulutsa m'caka ca 1842. Poyamba pamakhala phiri lotulutsa moto lomwe limatumphuka kucokera pansi pa nyanja. Korali amayamba kumanga m'mphepete mwa phirilo. M'kupita kwa nthawi phiri limazirala ndi kuyamba kutitimira pang'onopang'ono, koma korali amapitiriza kumanga cokwera kuti asatalikire kuwala kwa dzuwa. Pomaliza phiri lonse limamira, ndipo pamatsala mkombero wa matanthwe wokhala ndi dziwe pakati. Mafunde amaphwanya ena mwa matanthwewo ndi kuunjika mcenga, ndipo mbeu zobwera ndi madzi kapena mbalame zimamera pamenepo.

Kaamba ka ici, cisumbu ca Diego Garcia cilibe phiri kapena citunda. Mbali yaikulu ili mamita awiri cabe pamwamba pa nyanja, ndipo ngakhale milu ya mcenga yaitali koposa sifika mamita 10. Kumpoto kwake kuli dera lochedwa Great Chagos Bank, lomwe ndi mkombero wa korali waukulu koposa padziko lonse, ngakhale kuti mbali yake yaikulu ndi yomira m'madzi.

Mvula, madzi ndi zamoyo

Ku Diego Garcia kumatentha caka conse, ndipo masana kutentha kumafika pa madigiri 30. Mvula imagwa yoculuka, pafupifupi mamilimita 2,600 pa caka, komwe ndi kuwirikiza katatu mvula yomwe imagwa mu Lusaka. Kulibe mtsinje ngakhale umodzi. Madzi a mvula amalowa mu mcenga, ndipo popeza ndi opepuka kuposa madzi amcere, amayandama pamwamba pa amcerewo pansi pa nthaka. Anthu akale anali kukumba zitsime zosazama ndi kupeza madzi abwino akumwa.

Popeza cisumbuci cili pafupi ndi ikweta, anamondwe amphamvu omwe amasakaza ku Mozambique, Madagascar ndi Mauritius safikako kawirikawiri. Ngakhale mafunde oopsa a tsunami a pa 26 December 2004, omwe anapha anthu oposa 200,000 m'maiko ozungulira nyanjayi, sanaononge zambiri pa Diego Garcia.

Mitengo ya kokonati ndiyo yoculuka. Kuli nkhanu zikuluzikulu za pamtunda zomwe zimatha kuboola kokonati ndi zipanda zao, kuli akamba a m'nyanja omwe amaikira mazira pa mcenga, komanso mbalame za kunyanja zambirimbiri. Kulinso abulu omwe anasanduka a m'chire. Makolo a abuluwa anali kugwira nchito m'minda ya kokonati, ndipo anasiyidwa pomwe eni ake anacotsedwa.

Anthu oyamba kukhalapo

Amalinyero a ku Portugal ndiwo Azungu oyamba kuona zisumbu za Chagos, kuciyambi kwa zaka za m'ma 1500. Panthawiyo panalibe munthu wokhalapo. Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, Afalansa omwe anali kulamulira Mauritius anayamba kutsegula minda ya kokonati pa Diego Garcia. Nchito ya m'mindayo inali kugwiridwa ndi akapolo, ndipo ambiri a iwo anatengedwa ku Madagascar ndi ku Mozambique. Motero magazi a anthu a ku Chagos ndi magazi a kuno ku Africa.

M'caka ca 1814 dziko la France linapereka Mauritius ndi zisumbu zake kwa Britain. Ukapolo utathetsedwa m'caka ca 1835, anthu omasulidwawo anapitiriza kugwira nchito m'minda, ndipo panabweranso anchito ena ocokera ku India. Mwa kukwatirana panabadwa mtundu watsopano, wokhala ndi cilankhulo cake ca Cikiliyo, nyimbo zake ndi magule ake. Anthuwa ankachedwa Ilois, kutanthauza anthu a pazisumbu.

Umoyo wao unali wa kokonati ndi nsomba. Anali kusenda ndi kuyanika kokonati kuti ayengemo mafuta, omwe anali kutumizidwa ku Mauritius. Anali kuweta nkhuku ndi nkhumba, ndi kulima ndiwo zamasamba kuseri kwa nyumba zao. Pa Diego Garcia panali midzi, chalichi ndi manda. Mabanja ena anali atakhalako mibadwo isanu kapena kuposerapo.

Kudulidwa kwa Chagos m'caka ca 1965

Nkhondo yaciwiri ya padziko lonse itatha, maiko a America ndi Soviet Union anayamba kulimbirana mphamvu. Panthawi yomweyo maiko a mu Africa ndi Asia anali kulandira ufulu wodzilamulira, ndipo ambiri sanafune misasa ya asilikali acilendo pa nthaka yao. Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, mkulu wina wokonza mapulani m'gulu la nkhondo la pamadzi la America, a Stuart Barber, anapereka maganizo akuti dziko lao lipeze zisumbu zakutali za anthu ocepa, zisanalowe m'manja mwa maboma atsopano. Diego Garcia anali pa mndandanda umenewo.

Mu September 1965, atsogoleri a Mauritius anali mu mzinda wa London kukambirana za ufulu wa dziko lao. Nduna yaikulu ya Britain, a Harold Wilson, inakumana ndi mtsogoleri wa Mauritius, a Seewoosagur Ramgoolam, ndipo pomaliza a ku Mauritius anavomera kuti zisumbu za Chagos zipatulidwe. Analandira mapaundi 3 miliyoni. Pa 8 November 1965 dziko la Britain linakhazikitsa dera latsopano la atsamunda lochedwa British Indian Ocean Territory. Izi zinacitika patangopita caka cimodzi Zambia italandira ufulu, ndiponso patapita zaka zisanu bungwe la United Nations litagamula kuti dziko lolamulidwa ndi atsamunda lisadulidwe lisanapatsidwe ufulu. Mauritius inalandira ufulu pa 12 March 1968 yopanda Chagos.

Pa 30 December 1966, Britain ndi America anagwirizana kuti America igwiritse nchito derali pa zacitetezo kwa zaka 50, ndi mwai woonjezera zaka zina 20. Panalibe lendi yoonekera. M'malo mwake America inacotserako Britain madola 14 miliyoni pa mtengo wa mizinga ya Polaris, ndipo nkhaniyi inasungidwa mwacinsinsi kwa zaka zingapo.

Cisumbu cina comwe cinaganiziridwa pa zankhondo cinali Aldabra, kufupi ndi gombe la Africa. Kumeneko akatswiri a zacilengedwe anacita cionetsero ca mau poteteza akamba akuluakulu a pacisumbuco, ndipo m'caka ca 1967, pomwe Britain inalinso pa mavuto a zacuma, mapulaniwo anathetsedwa. Anthu a pa Diego Garcia analibe owalankhulira otero.

Kucotsedwa kwa eni nthaka

Dziko la America linafuna cisumbu copanda anthu. Zikalata za boma la Britain zomwe zinaululika pambuyo pake zikuonetsa kuti akuluakulu a boma anagwirizana zouza dziko lapansi kuti anthu a ku Chagos anali anchito aganyu cabe ocokera ku Mauritius ndi Seychelles. Colinga cinali cakuti bungwe la United Nations lisafunse za ufulu wao monga nzika za derali.

M'caka ca 1967 boma la Britain linagula minda yonse ya kokonati. Kuyambira m'caka ca 1968, munthu amene anapita ku Mauritius kukalandira cithandizo ca kucipatala kapena kukaceza anali kuuzidwa kuti palibe combo combwezera kwao. Zakudya ndi mankhwala zotumizidwa ku zisumbuzo zinacepetsedwa. Mu March 1971 asilikali omanga a America anafika pa Diego Garcia, ndipo pofika mu October caka comweco anthu onse anali atacotsedwapo. Agalu ao anasonkhanitsidwa ndi kuphedwa ndi utsi, eni ake akuona. Anthu a pa zisumbu za Salomon ndi Peros Banhos anatsatira, ndipo omaliza anacoka m'caka ca 1973.

Onse pamodzi, anthu pakati pa 1,500 ndi 2,000 ndiwo anacotsedwa. Ambiri ananyamulidwa pa combo ca katundu cochedwa Nordvaer, atangotenga zocepa za m'manja. Anatsitsidwa pa doko la Port Louis ku Mauritius ndi ku Seychelles, opanda nyumba, nchito kapena munda. Luso lao la kokonati linalibe nchito m'dziko la nzimbe. Ambiri anakakhala m'makomboni osauka a Port Louis, ndipo ena anafa ndi matenda ndi umphawi. Iwo eni amachula nthenda ina ndi dzina lakuti sagren, kutanthauza cisoni cacikulu colakalaka kwao. Akulu athu anati kwanu nkwanu, m'thengo mudalaka njoka.

M'caka ca 1972 Britain inapereka mapaundi 650,000 ku boma la Mauritius kuti athandize anthuwa, koma ndalamazo zinafika m'manja mwao patapita zaka zoposa zisanu. M'caka ca 1982 inaperekanso mapaundi 4 miliyoni, ndipo olandira anauzidwa kudinda zikalata zakuti sadzafunanso kubwerera. Ambiri mwa iwo sanali kudziwa kuwerenga Cingelezi comwe cinalembedwa pa zikalatazo.

Cifukwa cake asilikali amacikonda

Pali zifukwa zinai zomwe zimapangitsa kacisumbu kakang'ono cotere kukhala kofunika pa zankhondo.

Coyamba ndi malo ake. Diego Garcia ili pakati pa Africa, Middle East, India ndi Indonesia. Ndeke zoyenda mtunda wautali zimatha kunyamuka pamenepo ndi kufika ku madera onsewa. Zombo zonyamula mafuta kucokera ku Persian Gulf kupita ku Asia ndi kumwera kwa Africa zimadutsa m'nyanja yomweyi.

Caciwiri ndi kutalika kwake ndi adani. Gombe la kumwera kwa Iran lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 4,000, kutali kuposa pomwe mizinga yambiri imafika.

Cacitatu ndi dziwe lija. Litakumbidwa ndi kuzamitsidwa m'malo ena, linakhala doko lomwe zombo zikuluzikulu, ngakhale zonyamula ndeke za nkhondo, zimatha kukoceza.

Cacinai, comwe ndi cowawa kucinena, ndi kusowa kwa anthu wamba. M'maiko ena momwe America ili ndi misasa, boma la kumeneko limatha kukana kuti ndeke zinyamuke kukamenya dziko lina, ndipo nzika zimatha kucita zionetsero. Pa Diego Garcia palibe nzika yoti idandaule. Okhalapo ndi asilikali a America, asilikali ocepa a Britain, ndi anchito a makampani, ambiri ocokera ku Philippines ndi Mauritius. Onse pamodzi ndi anthu zikwi zocepa, ndipo munthu saloledwa kufikako popanda cilolezo.

Zomwe zamangidwapo ndi nkhondo zomwe zamenyedwa

Poyamba panali siteshoni ya mawailesi a zombo za nkhondo ndi bwalo la ndeke laling'ono. Zinthu zinasintha m'caka ca 1979, pomwe mfumu ya Iran, yomwe inali bwenzi la America, inacotsedwa pa mpando, ndipo asilikali a Soviet Union analowa mu Afghanistan. Kucokera pamenepo America inathira ndalama zambiri pokulitsa msasawu.

Msewu wotera ndeke ndi wotalika makilomita opitirira atatu ndi theka, wokwanira ndeke zazikulu zoponya mabomba za B-52, B-1 ndi B-2. Pali matanki a mafuta, nkhokwe za zida ndi doko lomwe zombo zoyenda pansi pa madzi zimaima. M'dziwe mwakhala mukukocezedwa zombo zodzaza ndi akasinja, magalimoto, zipolopolo ndi zakudya. Nkhondo ikabuka, asilikali amapita ndi ndeke ku malo a nkhondo, ndipo zombozi zimawapeza komweko ndi katundu yense.

Palinso nchito ina yomwe imakhudza aliyense wokhala ndi foni ya m'manja. Pa cisumbuci pali imodzi mwa masiteshoni ocepa a padziko lapansi omwe amayang'anira masetilaiti a GPS, aja omwe amathandiza kulondola njira. Palinso makina oonera zinthu zoyenda m'mlengalenga.

Pa nkhondo ya ku Gulf m'caka ca 1991, ndeke za B-52 zinali kunyamukira pa Diego Garcia kukaponya mabomba pa asilikali a Iraq. Zinateronso pa nkhondo ya ku Afghanistan kuyambira mu October 2001, ndi pa nkhondo ya ku Iraq m'caka ca 2003. M'miyezi ya March ndi April 2025, zithunzi za masetilaiti zinaonetsa ndeke zisanu ndi imodzi za B-2 zili pa bwaloli, panthawi yomwe America inali kumenya gulu la Houthi ku Yemen.

Mbiri ya msasawu ili ndi banga linanso. Mu February 2008 nduna ya za kunja ya Britain, a David Miliband, inavomera m'nyumba ya malamulo kuti m'caka ca 2002 ndeke ziwiri za America zonyamula akaidi mwacinsinsi zinatera pa Diego Garcia kuthira mafuta. Kwa zaka zingapo boma la Britain linali kukana kuti zotere zinacitikapo.

Mau ocokera mu Lusaka

Dziko la Zambia lilibe gombe, koma nyanja ya Indian Ocean ndiyo njira yake. Mafuta athu amalowera pa doko la Dar es Salaam, ndipo mkuwa wambiri umatulukira pa madoko a m'mphepete mwa nyanja yomweyi.

Mu September 1970, atsogoleri a maiko osatenga mbali pa mkangano wa America ndi Soviet Union anakumana mu Lusaka, pa msonkhano womwe wapampando wake anali malemu a Kenneth Kaunda. Mwa zina, msonkhanowo unapempha kuti nyanja ya Indian Ocean ikhale dera la mtendere, lopanda misasa ya maiko amphamvu. Pa 16 December 1971 msonkhano waukulu wa United Nations unavomereza mfundo imeneyi. Koma pofika tsikulo, nchito yomanga pa Diego Garcia inali itayamba kale.

M'caka ca 1980 bungwe la Organisation of African Unity linagamula kuti Diego Garcia ibwezedwe kwa Mauritius. M'caka ca 1996 maiko a mu Africa anasaina pangano la Pelindaba, loletsa zida za nyukiliya mu Africa ndi zisumbu zake. Mapu a panganolo anaphatikiza Chagos, koma Britain ndi America anati lamulolo silikhudza Diego Garcia.

Mlandu suola

Anthu a ku Chagos sanakhale cete. Motsogozedwa ndi a Olivier Bancoult, omwe anabadwira pa Peros Banhos ndi kucokako ali mwana, anakasuma ku London. Mu November 2000 bwalo lalikulu la milandu linagamula kuti kucotsedwa kwao kunali kosemphana ndi lamulo. M'caka ca 2004 boma la Britain linapanga lamulo latsopano m'dzina la Mfumukazi, popanda kupyola m'nyumba ya malamulo, loletsanso anthuwo kubwerera. Anapambananso m'makhoti m'zaka za 2006 ndi 2007, koma m'caka ca 2008 bwalo lomaliza la House of Lords linakomera boma, oweruza atatu kutsutsana ndi awiri.

M'caka ca 2006 anthu pafupifupi 100 analoledwa kukaceza kwa masiku ocepa ndi kukalambula manda a makolo ao. Kuyambira m'caka ca 2002 ambiri anapatsidwa unzika wa Britain, ndipo gulu lalikulu linakakhazikika m'tauni ya Crawley, kumwera kwa London.

M'caka ca 2010 Britain inalengeza kuti nyanja yozungulira Chagos ndi malo otetezedwa, osaloledwa kuphamo nsomba. Uthenga wacinsinsi wa akazembe a America womwe unaululidwa ndi WikiLeaks unaonetsa kuti akuluakulu ena anali kuona kuti lamuloli lidzalepheretsa eni zisumbu kubwerera. M'caka ca 2015 bwalo loweruza za malamulo a panyanja linapeza kuti Britain inalakwira Mauritius pokhazikitsa malowo. M'caka ca 2016 Britain inakananso zakuti anthu abwerere, ndipo mgwirizano wake ndi America unapitirizidwa kufikira 2036.

Popemphedwa ndi boma la Mauritius, msonkhano waukulu wa United Nations unatengera nkhaniyi ku bwalo la milandu la padziko lonse la International Court of Justice, mu mzinda wa The Hague. Pomwe mlandu unali kumvedwa mu September 2018, dziko la Zambia linali limodzi mwa maiko omwe analankhula m'bwalomo kucirikiza Mauritius, pamodzi ndi South Africa, Botswana, Kenya, Nigeria ndi bungwe la African Union. Pa 25 February 2019 oweruza 13 mwa 14 anapeza kuti kupatulidwa kwa Chagos kunali kosemphana ndi lamulo, ndipo anati Britain icoke msanga. Mu May caka comweco maiko 116 anavota ku United Nations kugwirizana ndi cigamuloco, asanu ndi limodzi anakana, ndipo 56 sanavotere mbali iliyonse. Britain inayankha kuti cigamuloco cinali uphungu cabe.

Pangano la 2025

Zokambirana za maiko awiriwa zinayamba mu November 2022, ndipo pa 3 October 2024 analengeza kuti amvana. Boma la Mauritius litasintha pa masankho a mu November 2024, mfundo zina zinaunikidwanso. Pomaliza panganolo linasainidwa ndi a Keir Starmer a ku Britain ndi a Navin Ramgoolam, mwana wa a Seewoosagur aja omwe anali ku London m'caka ca 1965.

Malinga ndi panganolo, Mauritius ndiyo mwini wa zisumbu zonse za Chagos, kuphatikizapo Diego Garcia. Britain inalonjeza kulipira ndalama zomwe boma lake linati ndi pafupifupi mapaundi 101 miliyoni pa caka, kuti msasa upitirire kwa zaka 99. Inalonjezanso thumba la mapaundi 40 miliyoni lothandizira anthu a ku Chagos. Mauritius inapatsidwa ufulu wokhazika anthu pa zisumbu zina, koma osati pa Diego Garcia. Panganolo linalembedwa kuti lidzayamba kugwira nchito pokhapokha maiko onse awiri atalivomereza kupyolera m'malamulo ao.

Si onse anakondwera. Zipani zotsutsa boma ku Britain zinati dziko lao likulipira ndalama zambiri pa malo omwe linali nao kale, ndiponso zinaopa kuti dziko la China lingapezerepo mpata. Boma la America linayamikira panganolo mu May 2025, koma mu January 2026 mtsogoleri wa dzikolo, a Donald Trump, analidzudzula poyera. Pakati pa anthu a ku Chagos eni ake, ena analilandira ngati khomo lobwerera kwao, pomwe ena anati maboma awiri anakambirana za nthaka yao popanda kuwafunsa. M'mawa wa tsiku losainira, azimai awiri obadwira pa Diego Garcia anapeza ciletso ca khoti ku London, koma cinacotsedwa tsiku lomwelo.

Nyanja ndi nthawi

Pali mdani wina yemwe saopa mizinga. Madzi a m'nyanja za padziko lonse akukwera mamilimita angapo caka ndi caka kaamba ka kusintha kwa nyengo, ndipo nthaka ya mamita awiri pamwamba pa nyanja ilibe kothawira. Madzi amcere akalowa m'zitsime za pansi pa mcenga, madzi akumwa amaonongeka. Kutentha kwa nyanja kunaphanso korali wambiri wa ku Chagos m'caka ca 1998 ndiponso m'zaka za 2015 ndi 2016, ndipo korali ameneyu ndiye linga lomwe limaphwanya mafunde asanafike kumtunda.

Nthawi nayonso ikuthera anthu omwe anabadwira pa zisumbuzi. Mwana amene anakwezedwa m'combo pa Diego Garcia m'caka ca 1971 tsopano ndi munthu wa zaka zoposa 50, ndipo ambiri mwa makolo omwe anamunyamula anaikidwa kale m'manda a ku Port Louis, Seychelles ndi Crawley. Maiko amphamvu amawerengera cisumbuci m'makilomita a msewu wa ndeke ndi m'mapaundi a lendi. Kwa anthu amenewa, cofunika ndi kuloledwa kukakhala ndi kukaikidwa pomwe panagona makolo ao.